Sukulu yomwe inadzichitira yokha unkhoswe

Lolemba lapitali m'nyumba mwanga muno mu Kawale munalowa gauni. Ndikunena gauni yakuda ija amavala omaliza maphunziro apamwamba, ndi chipewa chake cha ngodya zinayi cholendewera kachingwe. Inalowa ili m'jumbo, itanyamulidwa ndi munthu amene sindingathe kumubweza pakhomo.

Ndiyambe ndakuuzani anthu ake, kuti mumvetse chomwe chinandimanga lilime.

Mdzukulu wanga Tadala ndamulera ndekha kuyambira ali wamng'ono. Mayi ake, mwana wanga wachiwiri, ali ku Joni kumene amagwira ntchito m'nyumba za eni ake. Tadala anakhoza bwino fomu folo, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma. Pano amagwira ntchito pa kashopu kena ku Mchesi, kutayipa makalata a anthu, kufotokopa ziphaso, ndi kudzutsa makompyuta omwe eni ake anawataya kale mtima. Chomwe akufuna ndi digiri ya zamakompyuta, yophunzira pa intaneti kuti ntchito asaisiye. Mayi ake anandiuza pa foni kuti, "Amayi, ine ndizitumiza zolipira. Koma sukulu yake muione ndinu. Mukati iyi, ndi yomweyo."

Ndiye chala choloza ndi changa. Chikaloza kutchire, zaka za mwana zapita, pamodzi ndi msana wa mayi ake.

Obwera ndi gauni aja anali Anachisale, a nyumba yachitatu kuchokera panga, ndi mwana wawo Limbani. Bambo a m'nyumba muno atamwalira, nkhuni zoyamba zinachokera kwa Anachisale, ndipo iwo sanachoke pakhomo pano mpaka titasesa. Limbani ndi amene anathamanga kukapeza lole yomwe inanyamula thupi mpaka kumudzi ku Nathenje, mvula ikukhuthuka, iye ali kumbuyo atagwira bokosi kuti lisagwedezeke. Inu a m'makomboni muno mukudziwa tanthauzo la zimenezi. Munthu wotere sumufunsa kuti wadzatani. Umangotulutsa mpando wabwino uja.

Limbani tsopano ndi woimira koleji ina yakunja yophunzitsa pa intaneti. Dzina lake sinditchula, ndi lalitali ndipo lili ndi mawu akuluakulu achingerezi omwe amadzaza m'kamwa.

"Amayi," anatero atakhala pansi, "Tadala ndi mlongo wanga, sindingamuponye m'dzenje. Sukulu iyi ndi yotchipa kuposa zonse zomwe mwamva. Palibe zogonera, palibe thiransipoti. Kuphunzira pa foni, mayeso pa foni, zaka zitatu digiri ili m'manja. Kungoti mtengo wotsikawu ukutseka Lachisanu."

Mawu oti Lachisanuwo anandikayikitsa. Ndagula nsomba zaka zambiri. Wa nsomba yabwino sakuthamangitsa. Amene amati tengani msanga ndi uja nsomba yake yayamba kutupa mimba.

Ndisanatsegule pakamwa, Limbani anali atamasula jumbo.

"Tadala, tayesa iyi. Ungoona mmene uzidzaonekera."

Mwana anavala. Anachisale anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika panja. Limbani anajambula, ndipo ndisanaphethire chithunzi chinali chitafika ku Joni. Foni inalira. Mwana wanga akulira kumeneko, mawu osatuluka bwino: "Amayi, mwana wanga! Amayi, mwamuona?"

Ndinamuona. Koma maso anga anali pa kolala. Panali thimbiriro la paudala, osati la mtundu umodzi, ndipo batani lapamwamba linali losokedwa ndi ulusi woyera. Gauni imeneyi yadutsa m'makosi a atsikana angati? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinalifunsa motsitsa. "Kodi ndi yovomerezeka?"

Limbani anatulutsa pepala lolimba la chidindo chagolide, chachikulu ngati chivundikiro cha kapu. "Yovomerezeka mpaka kunja, amayi. Bungwe lomwe linaivomereza ndi ili, dzina lake ili apa."

Anachisale anandiyang'ana cham'mbali, akumwetulira ndi milomo yokha. "Anabanda, mwana uyu ndi wanu yemwe. Mpaka mafunso?"

Ndipo ine, amene wowerenga mita ya madzi salowa pageti panga asanandionetse chiphaso, ine amene thumba la makala ndimalipisa mpaka pansi kufuna miyala, ndinagwedeza mutu. Ndinati, "Chabwino. Tidzasaina Lachisanu." Chomwe ndinakwanitsa ndi kupempha kuti atisiyire kope ya pepala lija.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukamuponya mwala, waswa mkhate wako womwe.

Lachiwiri m'mawa ndinamuimitsa Tadala akumanga nsapato.

"Iwe, mwamuna akabwera kudzakufunsira, ife akuluakulu timayamba tafunsa chiyani?"

"Agogo, iyi ndi sukulu, si mwamuna."

"Zaka zitatu uzidzuka nayo, uziidyetsa thukuta la mayi ako, dzina lake udzalinyamula mpaka kumanda. Si mwamuna ameneyo? Timafunsa kwawo, timafunsa nkhoswe wake. Nkhoswe wa sukuluyi ndi uyu wadinda chagolideyu. Tamufufuza pa foni yakoyo, amakhala kuti?"

Anafufuza atakwinya nkhope, chala chikugunda galasi ngati chalakwa ndi foni. Anawerenga adiresi ya bungwe lija mokweza. Ndinati awerengenso ya sukulu. Anayamba mokweza, pakati mawu anatsika, kumapeto sanamalize. Dziko lomwelo, msewu womwewo, nyumba yomweyo, nambala ya chitseko yomweyo.

"Mwina angobwereka ofesi limodzi," anatero.

"Eya. Mkamwini wabwera yekha, watuluka panja, wasintha jekete, walowanso nkumati ine ndine malume ake, mnyamatayu ndi wakhalidwe. Iwe ungalole?"

Apa mpamene mwana anaphulika.

"Agogo, inu simukhulupirira munthu aliyense! Olo kuchipatala mumafunsa ngati jakisoni ndi watsopano. Anzanga atatu alembetsa kale sukulu yomweyi. Tsiku ndi tsiku anthu amabwera pa shopu ndi madigiri awo, ine ndimawapukuta fumbi, ndimawaika pa makina. Ndizifotokopa madigiri a anzanga mpaka liti?"

Anatuluka osatsanzika. Ndinakhala pampando nthawi yaitali. Funso lake linali loona.

Lachitatu ndinamuuza apemphe theka la tsiku kuntchito. Tinakwera minibasi kupita ku ofesi ya boma yomwe imayang'anira sukulu za maphunziro apamwamba. Tinapeza mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, ndipo ndivomere, mtima wanga unayamba wamukana. Koma anatipatsa mipando, nkutenga kope ija, nkuiwerenga yonse mpaka timalemba tating'ono ta pansi.

"Agogo," anatero, "kulembetsa ndi kwina, kuvomerezedwa ndi kwina. Golosale nayo imalembetsa, imakhala ndi pepala pakhoma. Sizitanthauza kuti ingapereke digiri."

"Nanga chidindocho?"

"Chidindo amasema ndi anthu. Nkhani ndi yoti wadindayo anapatsidwa mphamvu ndi ndani. Sukulu ikakhala yakunja, timaona ngati boma la dziko lakelo limalidziwa bungwe lomwe laivomereza. Komanso musamafunse za sukulu yokha. Ilipo ina yovomerezeka kuphunzitsa zaulimi, koma zamakompyuta ayi. Muzifunsa phunziro lenilenilo lomwe mwana akufuna."

Anatembenukira ku kompyuta yake. Tadala anali atagwira chikwama ndi manja onse awiri. Ine ndinkayang'ana nkhope ya mtsikana uja, chifukwa nkhope imayankha pakamwa pasanayankhe.

"Bungwe ili sindikulipeza pa mndandanda wa dziko limenelo," anatero. "Sindikuti ndi akuba, zimenezo sindikudziwa. Ndikuti mwanayu akadzamaliza, olemba ntchito nkumutumiza kuno kuti titsimikize pepala lake, ine ndidzasowa pogwira."

Ndinamuuza atembenuze kompyutayo kuti Tadala awerenge yekha ndi maso ake. Anatembenuza. Ndinamuuza andilembere zomwe wanenazo papepala. Analemba. Kenako ndinati, "Nanga inuyo nkhoswe wanu ndani?"

Anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Lamulo la dziko, agogo. Ndipo musakhulupirire ine. Mndandanda wa sukulu zovomerezeka ndi maphunziro ake uli poyera, aliyense atha kuuona pa foni. Ulere."

Ulere! Mwamva inu? Chinthu chomwe chikanatha kumeza zaka zitatu za mwana chimaoneka ulere, pa foni yomweyo timaonerapo mavidiyo a anthu ovina pa maukwati.

Pobwerera, minibasi itaima pa Biwi kudikira anthu, Tadala analankhula akuyang'ana pawindo. "Ndinaona kale kuti pa tsamba lawo palibe dzina la mphunzitsi olo mmodzi. Mayeso onse ndi ochonga. Digiri ya makompyuta yopanda pulogalamu yoti upange wekha, wina aione ngati ikuyenda. Ndinangotseka maso, agogo. Ndatopa kudikira."

Sindinamudzudzule. Nanenso Lolemba ndinatseka pakamwa.

Tsono ndilankhule nanu, makolo ndi agogo anzanga a ku Chinsapo, ku Mgona, kwa Biwi ndi konse komwe ndemanga ino imafika. Ife ndife anthu ochenjera pa zinthu zazing'ono. Chitenje timachitikita ndi malovu kuona ngati chikusuluka. Malaya a kaunjika timawayang'anitsa padzuwa kufuna kabowo. Tomato timamutembenuza mbali zonse mpaka wogulitsa kutukwana. Koma ikafika nkhani ya sukulu, tikangoona chingerezi chambiri ndi chidindo chonyezimira timagwada. Timaopa kufunsa, kuti angatione kuti sitinapite patali.

Ndipo mantha achingerezi ndi ochepa. Chachikulu ndi manyazi. Sukulu zimenezi sizibwera ndi mlendo. Mlendo tikanamufunsa mpaka dzina la agogo ake. Zimabwera ndi mphunzitsi wa kwaya, mwana wa alandilodi, mlamu wa mnzathu wa kumpingo, munthu amene anatigwira dzanja tsiku loipa. Kumufunsa pepala munthu wotere kumaoneka ngati kumutcha wakuba. Ndiye timasankha kuti mwana ataye zaka, bola ife tisataye moni wa m'mawa.

Kodi moni ameneyo mwana adzamuonetsa kwa olemba ntchito?

Musandimve molakwa. Sindikuti kuphunzira pa intaneti ndi bodza. Pa mndandanda uja tinapezapo sukulu zophunzitsa zamakompyuta mwa njira yomweyo, mwana ali kwawo, koma mayeso amakalembera m'holo, chiphaso chili patebulo, woyang'anira akuzungulira. Sindikutinso chodula chilichonse ndi chabwino. Wakuba nayenso amadziwa kukweza mtengo kuti aoneke waulemu. Ndipo poyeza kutchipa muziyeza zonse: bandulo ya intaneti ya mwezi ndi mwezi, laputopu yoti igwire ntchito yeniyeni chifukwa pulogalamu sapangira pa kafoni, ndi kokatchaja magetsi akathima pakati pa phunziro. Koma pamwamba pa zonsezo, chotchipa chenicheni ndi chomwe sudzachigulanso kachiwiri.

Safunsa anadya phula. Ife timadyetsa ana athu, ifeyo nkumapukuta pakamwa.

Lachinayi masana sindinadikire kuti Lachisanu lindipeze. Ndinamanga chitenje, ndinatenga pepala la mtsikana uja, ndinayenda nyumba zitatu zija. Sindinayendepo ulendo wautali chotero. Limbani anali pakhonde, galimoto ili pamthunzi, jumbo ya gauni ikuoneka pa mpando wakumbuyo. Anachisale anandilowetsa pabalaza, Limbani akutitsatira. Tinapatsana moni wonse, wa thupi, wa ana, wa ku Joni. Kenako ndinapereka pepala kwa Limbani ndi manja awiri.

"Mwana wanga, mawa sitisaina. Chifukwa chake ndi ichi."

Anawerenga. Anabwerezanso. Anachisale anafunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinafotokoza ndine, mwachidule, mawu ndikuwasankha ngati mpunga.

"Ndiye mwapita kukamunenera mwana wanga ku boma?"

"Dzina la munthu sindinatchule, Anachisale. Ndinatchula la sukulu."

"Pamene tinkanyowa ndi mvula ku Nathenje, munatifunsa mapepala? Lole ija munaifunsa ngati ndi yovomerezeka?"

Ndinayang'ana pansi. Mawu amenewo ndinkawayembekezera kuyambira Lolemba, koma atafika anapweteka ngati sindinawayembekezere.

Anachisale anaimirira nkuloza kukhoma. "Nanga icho? Nachonso mukuti ndi chabodza?"

Pamwamba pa kabati panali felemu. Ndakhala ndikuiona felemu imeneyo zaka ziwiri, nthawi iliyonse ndikabwera kudzacheza, koma sindinaiwerengepo. Inali digiri ya Limbani. Dzina lalitali lomwe lija. Chidindo chagolide chomwe chija.

"Makina anga osokera anapita chifukwa cha pepala limenelo," anatero mayiwo. "Inu mukubwera ndi kapepala kolemba pamanja kudzandiuza kuti ndinagula mphepo?"

Ndinabwera nditakonzeka kukumana ndi wakuba. Zikanandipepukira. Koma pampando paja panali mwana amene anavekedwa gauni yomweyo ine ndisanaione, ndipo palibe anamufunsira nkhoswe.

Limbani analankhula osadzutsa mutu. "Makalata ofunsira ntchito ndalemba ambiri, amayi. Kuiniteviyu anandiitanako kamodzi, anatenga kope, sanaimbenso. Ndimangoti ndi nkhani ya kudziwana." Anapinda pepala lija pakati. "Amene anandipatsa ntchito ndi sukulu yomweyo."

"Khala chete iwe!" anakuwa mayi ake. Kenako anatsegula chitseko mpaka kukhoma. "Tulukani, Anabanda. Tsiku lanu likadzafika, adzakuphikireni a ku ofesiwo."

Ndinatuluka. Pepala lija Limbani sanandibwezere, ndipo sindinalipemphe.

Lachisanu linadutsa, dzuwa linalowa monga limalowera, palibe chinatseka. Ndinaimbira ku Joni nkufotokoza zonse. Mwana wanga anati, "Chithunzi chija ndaonetsa aliyense, amayi, mpaka abwana." Ndinamuuza kuti chithunzi asachifufute, angochisunga, china chidzabwera choti gauni yake idzakhala ya mwini wake. 

Tadala wasankha yekha pa mndandanda uja. Ayambira dipuloma pa sukulu ina yovomerezeka ya konkuno, phunziro lake lomwe analiona ndi maso ake kuti lilipo, kenako adzalumikize digiri. Njira ndi yaitali, mtengo ndi wokwererapo, ndipo ayamba akadzatsegula kalembera wina, osati mawa. Kuseka nane sanayambe. Tiyi amangondiikira pambali nkuchoka. Koma dzulo pobwera kuntchito anaima pakhomo nkunena kuti, "A Limbani anabwera pa shopu."

"Kudzatani?"

"Kudzafotokopa digiri yawo. Anaichotsa mu felemu. Ndiye amafunsa kuti ku ofesi kuja minibasi yake amakwerera pati."

"Unawauza?"

"Ndinawalembera. Ndawatumiziranso anzanga atatu aja mndandanda. Mmodzi wandibuloka pa foni."

Anachisale ndakumana nawo kawiri chichitikire zimenezi, kamodzi pa mpopi, kamodzi pa geti langa lenileni. Kawiri konse ndapereka moni. Kawiri konse ayang'ana mpanda. Zaka zonse zomwe takhala tikubwerekana mchere ndi sefa zathera pa kapepala kamodzi, ndipo sindikunamizani kuti sizikundiwawa. Pa msinkhu wanga munthu amayamba kuganiza za amene adzafike woyamba ndi nkhuni.

Nyemba za pa maliro anga mwina zidzapsa mochedwa. Odandaula mudzakhala inu obwera kudzakhuza. Ine ndidzakhala ndilibe njala.

Koma inu, gauni ikadzalowa kwanu Lolemba, itanyamulidwa ndi dzanja lomwe linakugwirirani bokosi pamvula, mudzafunsa nkhoswe wake Lolemba lomwelo, mwana asanaivale?